Mbereko ya Malamba Awiri

Tsiku limene Tabita anabwerako kuchipatala, mudzi wonse unakamuchingamira kumsewu wotsika kuchokera ku Dowa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamukumbatira. Mlongo wake wamkulu, Yeremiya, ankayenda patsogolo pake atatambasula manja ngati akukusa mbuzi.

"Moni wapakamwa basi, azimayi inu. Wapakamwa! Wofuna kukumbatira akumbatire ine, ndili pano."

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Tabita nayenso anaseka, koma pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa, maso akufunafuna mwana wake pakati pa anthu.

Pamene Tabita ankachoka pamudzipo, mwanayo, Ulemu, anali akungoyamba kukwawa. Mtima unayamba kumuvuta ali ndi pakati. Kachitseko kena ka mkati mwa mtima, kamene madokotala ankati valavu, kanali katatha ntchito, ndipo boma linamutumiza ku India kuti akamuike kachitsulo. Kuti afike pamtima, madokotala amang'amba pakati fupa la pachifuwa, akatha ntchito n'kulilumikizanso ndi waya. Anthu ambiri fupalo limagwirana bwinobwino. La Tabita silinagwirane. Bala linachita mafinya mkati, fupa linayamba kuwola, ndipo kuti apulumutse moyo wake anachita kulichotsa lonse, n'kuphimbapo ndi mnofu ndi khungu. Ulendo umene unali wa miyezi iwiri unatha chaka.

Tsono pakati pa chifuwa chake panali pofewa ngati paliwombo pa khanda. Akavula bulauzi, mtima unkaoneka ukugunda pansi pa khungu, ndipo m'nyumba mukakhala zii valavu ija inkamveka ikuti tiki, tiki, tiki, ngati wotchi yapamkono. Kuchipatala anamupatsa chishango cha pulasitiki yolimba, mkati muli siponji, choti azivala mkati mwa bulauzi. Anamuuza kuti asanyamule cholemera ndi manja, asasinje, asagwire khasu, ndipo chilichonse chisamumenye kapena kumuthina pachifuwa. Anamuuzanso, mwamuna wake Vinsenti ali pomwepo, kuti kutenganso pakati kungamuphe. Ulemu anali woyamba, analinso womaliza.

Chaka chonsecho mwanayo ankaleredwa ndi Modesta, mkulu wake wa Tabita, amene anasiya banja lake ku Chisepo, kumene anatengedwa chitengwa, n'kudzakhala kwa mayi awo, a Nambewe. Atafika pabwalo la nyumba, Modesta anamasula chitenje n'kumutsitsa mwanayo pansi.

"Amayi ako awo. Pita."

Tabita anagwada. "Bwera, amama. Bwera kuno."

Ulemu anali mwana wosaopa alendo. Anamuyang'ana pang'ono, kenako anathamanga mmene amathamangira ana a msinkhu umenewo, mutu patsogolo ngati kamwana ka ng'ombe, kulunjika pachifuwa penipeni.

"Moto!" anakuwa a Nambewe. "Moto, Ulemu! Moto!"

Mwanayo anaima nji, n'kubisa manja kumbuyo. Awa anali mawu amene agogo ake ankamuletsera chilichonse choopsa: mbaula, mpeni, chitsime, ngakhale galu wa kwa aneba. Anabwerera chafutambuyo, n'kukabisa nkhope m'chitenje cha Modesta.

Kuyambira tsiku limenelo, aliyense pakhomopo akaona mwanayo akusendera kwa Tabita ankakuwa mawu omwewo. Sankachita mwankhanza ayi. Anali atalira maliro a Tabita m'mitima mwawo kangapo konse, ndipo sankafuna kuwaliranso. Posakhalitsa panalibenso chifukwa chokuwira. Ulemu ankamulambalala yekha Tabita monga amalambalalira mafuwa, ndipo mlendo akabwera ankamulozera ndi kachala, n'kumuchenjeza mwaulemu ndithu: "Moto."

Mwezi wa Seputembala uli pakati, kunabwera uthenga wochokera ku Chisepo. Mwamuna wa Modesta anati wapirira mokwanira, munda ukudikira, mkazi wake abwerere mvula isanagwe. A Nambewe anaitanitsa Yeremiya, poti ndiye anali mwinimbumba, ndipo anakhala pansi pakhonde. Vinsenti, monga mkamwini, anakhala chapatali pa mtondo wogadamika, atatembenukira kunkhokwe kuti asayang'anizane ndi apongozi ake.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero a Nambewe. "Modesta akupita, ndipo apita ndi mwana."

"Mwana wa ndani?" anafunsa Tabita.

"Usayambe, mwanawe. Mwana amakulira kumsana. Iwe ungamubereke? Ine msana wangawu unatha kale, ndikaweramira mphika ndimachita kudzutsidwa. Tinene kuti malungo amugwira, bambo ake ali ku okushoni wa fodya ku Kanengo. Udzamutengera pati kuchipatala? Pamutu?"

Tabita anali atayesa kale, ali yekha m'nyumba, ndi chitenje chopanda mwana. Akachidutsitsa paphewa, mfundo inkagwera pakati pa chifuwa. Akachidutsitsa m'khwapa, chinkathina pomwepo. Kabereke kalikonse kamene mkazi wa kuno amakadziwa kamamangidwa pa fupa limene iye analibe.

"Alamu anga pano sakunena kanthu?" Yeremiya anafunsa, akukanda m'mutu. Anali munthu wa ngolo, wozolowera kunyengerera ng'ombe, ndipo milandu sankaikonda.

"Alamu ako anena chiyani?" a Nambewe anayankha. "Anapiye amatsata thadzi, satsata tambala."

"Ndiye thadzi lake ndine," anatero Tabita.

"Thadzi limafungatira."

Modesta ankangoyang'ana pansi, akusisita mutu wa Ulemu amene anali atagona pamiyendo pake. Iye anali ndi ana aamuna okhaokha, ndipo aliyense ankaona mmene kamtsikanako kanamulowera mumtima.

Yeremiya anapumira m'mwamba. "Chabwino. Modesta adikire kufikira sikelo ya mwezi wa Novembala, mwana akalandire katemera amene watsala. Akachoka kusikeloko, akwere. Pokhapokha Tabita atapeza njira yomuberekera. Ndatha ine, musandifunsenso, ng'ombe zanga sizinamwe."

Masiku amenewo anthu anali pa nazale za fodya kudambo. Tabita sankaloledwa kugwira kanthu, koma kukhala pakhomo n'kumalozedwa chala ndi mwana wake kunkamupweteka kuposa bala, choncho ankatsika pang'onopang'ono kukakhala pamthunzi wa nthochi, n'kumaonerera mwamuna wake akugwira ntchito. Mmawa wina Vinsenti ankapopera mankhwala pa mabedi, sipuleya ili kumsana, shati atamasula mabatani chifukwa cha kutentha. Atafika kumapeto kwa bedi anatembenuka, n'kuyamba kubwera chakumene kunali Tabita.

"Taimani pomwepo, bambo a Ulemu."

"Chiyani? Njoka?"

"Si njoka. Tatembenukani. Bwereraninso. Kwezani manja."

"Mayi a Ulemu, mukundiyang'ana ngati tsiku la chinkhoswe bwanji? Anthu akuona."

"Chimenecho chikadzaza madzi chimalemera bwanji?"

"Kuposa ndowa yaing'ono. Bwanji?"

"Kuposa Ulemu?"

Vinsenti anayang'ana pachifuwa pake. Lamba wina ankatsika paphewa lamanja n'kulowa kukhwapa, wina paphewa lamanzere chimodzimodzi. Pakati ponse panali pambalambanda, thukuta lokha likutsetsereka. Anakhala pansi pamzere, sipuleya idakali kumsana.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikubereka chigubu," anatero, "osadziwa kuti ndine mzimayi."

Tabita anaseka mpaka anachita kugwira chishango ndi manja onse awiri.

Mwezi uliwonse ankapita ku Lilongwe kukayezetsa magazi, chifukwa cha mankhwala amene ankamwa kuti magazi asaundane pa valavu ija. Ulendo wotsatira anawafotokozera adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, za sipuleya. Adokotalawo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumuimiritsa, kumugwira m'mapewa ndi m'chiuno.

"Nzeru yake ndi yabwino, koma mapewa anu amatsamira pa fupa limene linachotsedwa lija. Asasenze ndi mapewa. Pakhale lamba wamkulu wa m'chiuno, kulemera konse kutsikire pamenepo, a m'mapewawo angomugwira mwana kuti asagwe chagada. Muyambe ndi chopepuka. Mukamva kupweteka kapena kubanika, mutule. Ndipo musamunyamule ndi manja kumuika kumbuyo, ngakhale kamodzi. Azikwera yekha."

"Azikwera yekha," Tabita anabwereza, mawu atatsika.

"Pali vuto?"

"Lilipo, adokotala. Koma limenelo si la kuchipatala."

Vinsenti anali ndi sipuleya ina yakale, yong'aluka, imene inkapachikidwa m'chigafa pamodzi ndi mabotolo a mankhwala a fodya. Tabita sanafune kuuza mayi ake msanga, poopa kuti amuletsa asanayambe n'komwe. Masana ena, anthu atagona pamithunzi, analowa m'chigafamo kuti akamasule malamba ake. Botolo limodzi linali litamangiriridwa pa lamba, ndipo analimasula kaye, n'kuligwira m'manja akufunafuna poliika.

Sanamve kuti kumbuyo kwake kwabwera munthu. Anangoona botolo lauluka, lagwera uko, ndipo mayi ake ali chogwada pa dothi, atamugwira miyendo.

"Usatero, mwana wanga! Usatero! Ndinakupempherera kwa Amayi Maria chaka chathunthu, lero undisiye ndi mankhwala a fodya? Ndiphe ine kaye!"

Zinamutengera nthawi Tabita kuti amvetse. Atamvetsa, anakhala pansi pafupi nawo.

"Amayi, ndinakana kufera ku India, pa bedi la nsalu zoyera, ndiye ndidzafere m'chigafa cha bambo a Ulemu, chodonthachi?"

"Nanga botololo?"

"Linali pa lamba. Ndikufuna malamba, amayi. Malamba okha."

Anawafotokozera zonse. A Nambewe anamina, n'kudzikonza mpango, manyazi ndi mkwiyo zitasakanikirana.

"Ndiye ukufuna kubereka mdzukulu wanga ngati mankhwala a nsabwe za fodya."

"Eya."

"Chigubu sichipalapata. Chigubu sichilira. Ndipo ngakhale usoke chiyani, mwanayo sangakwere. Amakuopa."

"Anamuphunzitsa ndani kundiopa?"

A Nambewe anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kutuluka. Koma sanamuletse.

Vinsenti anachapa malambawo ndi sopo ndi phulusa, kuwayanika, kuwachapanso, n'kuwamangirira pa chigubu choyera. Anawonjezapo lamba wa m'chiuno wa chiguduli chopindapinda. Mmawa uliwonse Tabita ankakhala m'mphepete mwa khonde, miyendo ili pansi, chigubu chili pakhonde kumbuyo kwake, n'kulowetsa manja m'malamba. Kenako ankaimirira ndi miyendo yokha, osatsamira manja. Poyamba munali madzi ongokwanira kusukusula kumaso, ndipo ankazungulira nyumba basi. Kenako anafika kunkhokwe, kenako kumjigo. Madzi ankawonjezeka pang'onopang'ono. Panali masiku ena oti ankabwerera panjira atabanika, n'kugona mpaka madzulo. Tsiku lina analira, n'kunena kuti mwina amayi akunena zoona. Mawa lake anadzukanso.

Anthu sanachedwe kuzolowera. "Wadzuka bwanji mwanayo?" ankafunsa azimayi kumjigo.

"Wadzuka, koma sakudya. Madzi okhaokha."

Yeremiya ankaimitsa ngolo akakumana naye. "Mphwangayu dzina munamupatsa? Ngati simunamupatse, ndi Reinford. Wafanana ndi Reinford wa kuchigayo, mutu ndi mimba n'zimodzi."

Lachiwiri lina, tsiku la msika ku Dzaleka, Tabita ndi Vinsenti anapita kwa telala wina wochokera ku Congo, Mama Furaha, amene ankasoka zikwama za zitenje. Anamuonetsa chigubu chija ndi malamba ake, komanso chitenje cha maluwa achikasu, chimene Tabita ankaberekera Ulemu ali khanda. Mama Furaha anamvetsera, n'kupempha kuti aone pachifuwapo. Kuseri kwa nsalu, Tabita anachotsa chishango. Telalayo anayang'ana mtima ukugunda pansi pa khungu, ndipo sanadzidzimuke kapena kumumvera chisoni.

"Ukugwira ntchito bwino ameneyu," anatero. "Dada, mchemwali wanga, ine ndinathawa nkhondo, mwana wina kumbuyo, wina kutsogolo. Ndikudziwa pamene mwana amalemera. Amalemera apa." Anadzimenya m'chiuno. "Ndisoka ngati kabudula, miyendo izitulukira uku ndi uku. Lamba wa m'chiuno ndiika wotambalala, wa siponji. Malamba a mankhwalawa bwererani nawo, ndiika atsopano."

Mbereko inatha sabata yomweyo, ndipo inakwana bwino. Chimene chinatsala chinali chovuta chija.

Inali nyengo yosenda mtedza wa mbewu, ntchito imene Tabita ankaitha. Anayamba kumakhala pamphasa pafupi ndi pamene Ulemu ankasewera, koma atamufulatira. Sankamuitana, sankamuyang'ana. Ankangoika kachidutswa ka nthochi paphewa, n'kumasenda mtedza wake. Tsiku loyamba nthochiyo inadyedwa ndi nkhuku. Tsiku lina anamva timapazi tikubwera, tikuima, tikuthawa. Kenako tsiku lina kadzanja kanatola nthochi ija mofulumira ngati kakutola mbatata pamakala, ndipo mwanayo anathawira kuseri kwa nkhokwe, n'kukayang'anitsitsa zala zake kuti aone ngati zapsa.

Zala sizinapse. Mawa lake anabweranso, ndipo atatola nthochi sanathawe. Pabwalo panali zii, Modesta ali kumtsinje, a Nambewe akuwodzera. Tabita anasiya kusenda. Anamva mpweya wofunda pakhosi, kenako khutu laling'ono likukhudza msana wake.

"Tiki," anatero Ulemu, monong'ona. "Tiki, tiki."

Tabita sanatembenuke. Misozi inkagwera m'lichero la mtedza, koma sanagwedezeke mpaka mwanayo atachoka yekha. Kuyambira pamenepo Ulemu ankabwera kudzamvera, koma pokhapokha pakakhala popanda anthu. Agogo ake akangotsokomola, ankathawa. Ndipo kukwera pamsana sanakwerepo.

Tsiku la sikelo linafika kumwamba kuli mitambo yakuda chaku Ntchisi. Sikeloyo inkachitikira pasukulu ya pamwamba pa phiri, pafupi ndi msewu umene Modesta akanakwerera galimoto. Chikwama chake chinali pakhomo, zovala za Ulemu zili momwemo. Azimayi a m'mudzi, ana ali kumbuyo, anaima panjira ngati akudikirana, koma aliyense ankadziwa chimene ankadikira. Yeremiya analipo, chipewa chili m'manja. Vinsenti anakhala pa mtondo wake uja, nkhope kunkhokwe.

Tabita anatuluka atavala chishango ndi bulauzi yake ya kutchalitchi. Anamanga lamba wa m'chiuno, n'kukhala m'mphepete mwa khonde, mbereko itatambasuka kumbuyo kwake. Ulemu anali pakhonde pomwepo, atasambitsidwa, atadzozedwa mafuta, nkhope ikunyezimira. Pambali pake Modesta anakutumula chitenje chake, n'kuwerama monga ankachitira mmawa uliwonse.

Mwanayo anayang'ana msana umene ankaudziwa. Anayang'ana winawo. Anapita kwa Modesta, n'kumugwira siketi.

Modesta anakhala chiweramire kanthawi. Kenako anawongoka pang'onopang'ono, n'kuyamba kupinda chitenje chija, mwaudongo, ngodya ndi ngodya, maso ali kumitambo.

"Msana wanga wadzuka ukupweteka lero," anatero. "Pita kwa amayi ako."

Ulemu anatukula manja kuti amunyamule. Modesta anapitiriza kupinda. Mwanayo anayamba kukwinya nkhope, kenako anatembenukira kwa Tabita. Panalibe nthochi paphewa. Anayenda pang'ono, anaima, anayendanso. Atatambasula dzanja, a Nambewe analephera kudzigwira.

"Mo..."

"Apongozi."

Anthu onse anatembenuka. Vinsenti sanali atawalankhulapo apongozi ake pagulu chikwatirireni. Ngakhale tsopano sanawayang'ane. Ankalankhula ndi nkhokwe, atagwira chipewa pabondo.

"Pepani, apongozi, ndalankhula pamene si panga. Koma ameneyo si moto. Ine ndimagona naye nyumba imodzi, sindinapse."

Mayi wina panjira paja anaphulika kuseka, anzake n'kumutsina. Yeremiya anabisa kamwa m'chipewa. A Nambewe anayang'ana mkamwini wawo. Kenako anasendera kwa mdzukulu wawo, n'kugwada movutikira, mawondo akulira.

"Ulemu. Si moto, wamva? Agogo ananama. Ndi amama. Gwira."

Ndipo anaika dzanja lawo lokwinyika pamsana pa Tabita, n'kulisiya pomwepo kuti mwana aone. Ulemu anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana agogo ake. Kenako anaika khutu lake pambali pa dzanjalo.

"Tiki," anawauza agogo ake, ngati akuwaululira chinsinsi.

"Eya, tiki. Kwera tsono, tachedwa."

Anakwera. Mwendo wina unalowa pake, wina unasochera, ndipo Modesta ndiye anaulowetsa, n'kukweza nsalu mpaka m'khwapa mwa mwana, n'kupereka malamba kwa mng'ono wake, wina uku, wina uku. Tabita anawakoka, anapuma mozama, anaponda pansi mwamphamvu, n'kuimirira.

Mwana si chigubu, mayi ake ananena zoona. Anali wofunda, ankagwedezeka, timiyendo tinkamenya m'chiuno. Koma pachifuwa panalibe chothina chilichonse.

Nthungululu inayambira kwa mayi woseka uja, n'kufalikira njira yonse.

Chitunda cha kusukulu n'chachitali, ndipo Tabita anachikwera mwapang'onopang'ono. Atawoloka kamtsinje, mpweya unamuchepera, ndipo anakhala pa mwala waukulu, mwana ali kumbuyo. Palibe amene ananena kuti amulandire. Mayi wina anapeza kuti patapata yake yaduka, wina anaganiza zoyamwitsa, wina anayamba nkhani yaitali ya mtengo wa feteleza, ndipo gulu lonse linakhala pansi mpaka Tabita atanena yekha kuti tiyeni. Anapumanso kawiri konse asanafike pamwamba. A Nambewe, amene anali asanakwere phirilo zaka zambiri, ankabwera pambuyo ndi ndodo, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amathamanga.

Pasukulu, sikelo inali itapachikidwa panthambi ya mtengo wa mbawa. Mlangizi wa zaumoyo anali atazolowera kuona Ulemu ndi Modesta, ndipo atafika pa dzina lake anakweza maso akufunafuna.

"Ulemu Vinsenti. Mayi ake ali kuti?"

"Ndili pano," anatero Tabita.

Anakhala pa benchi, n'kumasula malamba, mwana n'kutsika yekha. Mlangiziyo anayang'ana mberekoyo, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kumene anaigula.

"Kunazale ya fodya," Yeremiya anayankha ali kumbuyo. "Zimamera kumeneko."

Ulemu atabayidwa katemera analira kwambiri, ndipo aliyense anaona kuti Modesta watambasula kale manja. Mwanayo anathamanga, koma sanapite kwa iye. Sanapitenso kutsogolo kwa Tabita. Anazungulira benchi, n'kukakakamira kumsana, nkhope ataikwirira pakati pa mapewa.

Modesta anatsegula chikwama chake pomwepo, pa udzu. Anatulutsa timadiresi, kajuzi, chiphaso cha kusikelo, n'kuzikulunga m'chitenje chimene anapinda chija. Anapereka mtolowo kwa Vinsenti, osati kwa Tabita, poti unali wolemera.

"Phala amakonda la mtedza, koma lisakhale lolimba," anatero. "Ndipo akayamba kukoka khutu, ndiye kuti tulo tabwera."

"Achemwali," anatero Tabita, misozi ikulengeza m'maso.

"Usalire, ungagwedeze valavu. Pa Khirisimasi ubwere naye ku Chisepo. Umubereke, anthu akumeneko akaone. Akhala akundinena kuti ndinathawa ulimi."

Anayandikira ngati amukumbatire, n'kukumbukira. Ndiye anazungulira, n'kukumbatira mng'ono wake chakumbuyo, pamodzi ndi mwana yemwe.

Galimoto itapita, madontho oyamba a mvula anayamba kugwa, akuluakulu, otalikirana, ndipo fungo la dothi linakwera. Azimayi anafulumira kutsika. Tabita sakanatha kufulumira, ndipo sanayese n'komwe. Ankadziwa kuti mawa adzalephera kudzuka msanga, kuti khasu sadzaligwiranso, kuti chishango adzavala mpaka kukalamba. Vinsenti anathyola tsamba la nthochi n'kumawafunditsa onse awiri, iye akunyowa. A Nambewe ankayenda pambali, ndipo pena ankatambasula dzanja kukonza kamwendo kamene sikankafunika kukonzedwa.

"Wagona?" anafunsa Tabita.

A Nambewe anasuzumira pansi pa tsambalo. Ulemu anali atatsamiritsa khutu pamsana, chala china chikukoka khutu linalo, maso atatsala pang'ono kutsekeka.

"Akugona. Yenda bwino, pali miyala apa. Mawa undionetse mmene amamangira malambawa, mwina nanenso msana wanga ungathe kumubereka."